Kukonza njira ya m'phiri: yambani ndi madzi

M'mapiri a Chikala, momwe munali linga la Mfumu Kawinga kufikira asilikali a atsamunda atalilanda mu 1895, muli njira zomwe amayendamo otola nkhuni, ozula bowa ndi alendo odzaona malo. Achinyamata amene mwadzipereka kuzikonza, musathamangire kukwapa udzu. Tchire limangobisa njira, koma madzi ndiwo amaidya, ndipo mvula yonga ya namondwe Freddy wa mu 2023 imaisandutsa chigwembe usiku umodzi.

Yambirani kwa amfumu. Iwo ndi amene angakuuzeni pomwe pali manda ndi malo osayenera kukumba. Mukatero kaonaneni ndi a zankhalango, pakuti mapiriwa ali m'nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, ndipo wopezeka ndi chikwanje popanda chilolezo amayesedwa wootcha makala. Posankha tsiku la ntchito, Lachisanu lisiyeni: anzanu ambiri amakhala ali kumzikiti.

Musanagwire khasu, kwerani njirayo mvula itangokata. Onani pomwe madzi alowera m'njira, pomwe asiya mchenga, pomwe mizu yatsala pamtunda. Khomani zikhomo pamalo amenewo.

Ntchito yeniyeni ili pa ngalande. Pachikhomo chilichonse kumbani kangalande kodutsa njira mopendekera kumunsi, kuti madzi apatuke asanatenge liwiro. Mukakumba mopingasa ndendende, kamadzaza mchenga mvula yoyamba yomweyo. Kumunsi kwa kangalandeko yalani miyala ikuluikulu, yoti munthu mmodzi aziyivutikira kunyamula, ndipo ikwirireni kupitirira theka. Mwala umene ukugwedera mukaupondapo, uzuleni muyambirenso. Pothera ngalande unjikani miyala ing'onoing'ono, apo ayi mwangosamutsira chigwembe pambali. Potsetsereka kwambiri ngalande ziyandikane.

Pokwera pamafunika masitepe a miyala, ndipo amamangidwa kuyambira pansi kupita pamwamba, kuti lililonse litsamire pa linzake. Asatalike. Poyeza muziganizira mayi wosenza mtolo wa nkhuni akutsika, osati mnyamata wa miyendo italiitali. Mitengo yaiwisi musadule kuti mupangire masitepe. Ndi mlandu, komanso chiswe sichichedwa kuimaliza.

Njira zachidule zolunjika kumtunda ndizo zimabala zigwembe zambiri. Zitsekeni ndi nthambi zouma ndi minga, n'kudzalamo vetiva m'mizere yopingasa. Mbande za mitengo zoti mudzalemo zidikire nyengo yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo.

Udzu kwapani pomaliza, mulifupi mokwana anthu awiri kupatukirana basi. Valani malaya a manja aatali chifukwa cha chitedze, ndipo mwala uliwonse muuyambe mwautembenuza ndi piki, osati ndi dzanja, poopa zinkhanira ndi njoka.

Musanabalalike gawanani zigawo, anthu awiri chigawo chimodzi, kuti azikafukula ngalande ikagwa mvula yamphamvu. M'mwezi wa Juni, udzu usanaumitsitse, bwererani nonse mukalambule njira yotchinga moto kuzungulira pomwe mwadzala mbande.