Zonyansa za m'zimbudzi za ku Mzuzu zimathera kuti? Mafunso ndi mayankho

Kodi mzinda wa Mzuzu uli ndi mapaipi a suweji?

Mapaipi olumikiza mzinda wonse palibe. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti ku Mzuzu kumakhala anthu opitirira 220,000, ndipo ambiri mwa iwo amadalira zimbudzi zokumba. Nyumba za zimbudzi zamadzi, monga zambiri za ku Katoto, zimataya zoipazo m'thanki ya pansi pa nthaka. Bungwe la Northern Region Water Board limabweretsa madzi akumwa kuchokera ku damu la Lunyangwa, koma madziwo akadetsedwa, khomo lililonse limaona lokha chochita.

Nanga dzenje likadzaza?

Wokhala ndi malo amakwirira n'kukumba lina. Koma ku Chibavi, Chiputula kapena Masasa mapuloti ndi opanikizana, kotero pamafunika opopa zimbudzi. Iwowa amayenera kukakhuthula zonyansazo m'maiwe a khonsolo ya mzinda ku Nkhorongo. Vuto ndi mtunda, mtengo wa mafuta ndi tinjira toti galimoto silingalowemo. Apa ndi pamene ena amapeza njira yachidule: kukumba kadzenje pambali usiku, kapena kuboola chimbudzi mvula ikamagwa kuti madzi akokolole. Mwinikhomo wapulumutsa ndalama, okhala kumunsi ndiwo alipira.

Maiwewo amayeretsa bwanji madzi popanda makina?

Pomwe dongosolo lili lathunthu, monga ku Kauma ku Lilongwe, madzi amadutsa m'maiwe angapo motsatizana. Loyamba limakhala lakuya. Zolemera zimadikha pansi, ndipo mabakiteriya osafuna mpweya amaziwoletsa. Lachiwiri ndi losaya: dzuwa limameretsa ndere, ndere zimatulutsa okosijeni, ndipo mabakiteriya ena amagwiritsa ntchito mpweyawo kudya zotsalira. M'maiwe omalizira, kuwala kwa dzuwa kumapha tizilombo toyambitsa matenda, mazira a njoka za m'mimba n'kumira pansi.

Sipafunika magetsi, chinthu chosangalatsa m'dziko lozolowera kuthimathima kwa magetsi. Chofunika ndi nthawi, milungu ingapo, komanso chisamaliro. Matope akachuluka ayenera kuchotsedwa, ndipo mapepala apulasitiki, matewera ndi nsanza zomwe anthu amaponya m'zimbudzi zimatseka njira za madzi. Ku Mzuzu kulinso kuzizira ndi mitambo ya mu June ndi July, zomwe zimachedwetsa ntchito ya mabakiteriya.

Zikukhudzana bwanji ndi nyanja, poti Mzuzu ali pamtunda?

Madzi sakwera phiri. Damu lili kumtunda, m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina, koma kumunsi kwake mtsinje wa Lunyangwa umalandira zochokera m'ngalande ndi m'madambo a mzindawu. Mtsinjewu umathira mu Kasitu, Kasitu mu South Rukuru, ndipo South Rukuru amalowa m'nyanja ya Malawi m'boma la Rumphi. Kuchoka apo ndi Shire, Zambezi, mpaka nyanja yamchere ya Indian Ocean.

M'njiramo anthu amachapa, kusamba ndi kuthirira madimba. Zonyansa zikamawola zimatha mpweya m'madzi, nsomba n'kubanika. Michere ya nayitrojeni ndi fosiforasi yomwe ili m'chimbudzi ndi fetereza weniweni wa ndere ndi namasupuni, udzu womwe umasokoneza makina opangira magetsi pa Shire.

Choopsa chapafupi n'chiti?

Matenda otsegula m'mimba. M'madera a madambo madzi a pansi ali pafupi, ndipo chitsime ndi chimbudzi nthawi zina zimayang'anizana. Mvula yamphamvu ya mu April 2016 itachititsa madzi kusefukira mumzindawu, inagwetsa nyumba ndi zimbudzi zomwe. Mliri wa kolera womwe unayamba mu March 2022 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno.

Ndiye achitepo kanthu ndani?

Suweji ya mapaipi ndi yokwera mtengo, sifika ku Masasa mawa. Zotheka lero ndi izi: khonsolo isamale maiwe ndi msewu wopitako, eni nyumba za lendi amange zimbudzi za njerwa zotheka kupopa, ndipo woitana opopa asalipire asanafunse komwe akukataya.