Kudzutsa Mini Cooper S yakale: mafunso ndi mayankho

Kagalimoto kakang'ono chonchi kali ndi mbiri yanji?

Musakaderere. Mini ya Alec Issigonis inatuluka mu 1959 ngati galimoto ya banja yosamwa mafuta ambiri, kenako John Cooper, katswiri wa galimoto za liwiro, anaiwonjezera mphamvu. Cooper S inapambana mpikisano wa Monte Carlo mu 1964 ili m'manja mwa Paddy Hopkirk, n'kubwerezanso mu 1965 ndi 1967. Mu 1966 inatenga malo atatu oyambirira, koma inachotsedwa pa nkhani ya mababu a nyale, chikho n'kupita kwa Citroën. Angelezi sanaiwalebe.

Ndaipeza. Ndiyambire pati?

Pa mapepala, sipanala isanagwire ntchito. Ma Mini wamba ambiri anamatidwa chizindikiro cha Cooper S kuti mtengo ukwere. Tumizani nambala ya chasisi ku British Motor Museum ku Gaydon, kumene kuli mabuku a fakitale. Chiphaso chawo chimanena tsiku limene inapangidwa ndi utoto umene inatuluka nawo. Werenganinso mabawuti omangira hedi ya injini: S ili nawo 11, wamba 9. Koma zoti inathamangapo pa mpikisano, chiphasocho sichikuuzani. Pamenepo pafunika zithunzi zakale ndi zikalata za mpikisanowo, osati pakamwa pa wogulitsa.

Dzimbiri limabisala kuti?

Tukulani kapeti, mugogode pansi ndi sikuludiraiva. Onani kunsi kwa zitseko, chimango cha matayala akumbuyo, ndi m'buti pomwe pamakhala batire. Yendetsani maginito pa bodi: pamene akukana kumata, wina anabisa bowo ndi phala.

Bwanji osangogula bodi yatsopano?

Ilipo; British Motor Heritage ku Witney imapangabe. Kwa Mini wamba palibe vuto. Koma kwa imene inathamangapo, ine ndimati wotchererani chigamba ndi chigamba, ngakhale zitenge zaka. Timabowo ta padashibodi pomwe panali wotchi ya wowerenga mapu, kapena kupindika kwa kunsi kumene mwala unamenya, ndiwo umboni. Mukazisalaza, mwatsala ndi galimoto yonyezimira yopanda mboni.

Injini ili ndi chachilendo?

Giyabokosi ili kunsi kwa injini ndipo zimagawana oyilo mmodzi. Thirani 20W-50 ndipo musachedwe kusintha, chifukwa tizitsulo tochoka ku magiya timazungulira ponseponse. Petulo wa masiku ano alibe mtovu, choncho hedi ifunika mipando yolimba ya mavavu. Makabuleta ake awiri a SU apatseni makaniko woleza mtima.

Ikatha, ndingayende nayo pa mvula?

Mungathe, bola muphimbe disitibyuta. Ili kutsogolo kwenikweni, kuseri kwa girilo, ndipo chithaphwi chimodzi chimatha kuzimitsa galimoto imene inagonjetsa chipale chofewa cha m'mapiri a Alps.