Bungwe Loona za Tsankho Limakhazikitsidwa Bwanji?

Akuluakulu amene anagwirako ntchito ku Lusaka kapena ku migodi nthawi ya atsamunda amakumbukira kawindo. Munthu wakuda sankalowa m'masitolo ambiri a azungu. Ankaima panja pamzere, n'kupereka ndalama pa kawindo ka kumbali. Ku butchala ankamupatsa nyama yokulunga kale, osasankha yekha. M'zaka za m'ma 1950 chipani cha African National Congress, chotsogozedwa ndi Harry Nkumbula, chinauza anthu kuti aleke kugula m'masitolo oterowo.

Boma la Northern Rhodesia (Zambia ya lero) litaona kuti anthu akwiya, mu 1957 linapanga lamulo lokhazikitsa komiti yoona za kukhalirana kwa mitundu. Komitiyo inkamva madandaulo n'kuyesa kuyanjanitsa mbali ziwiri, koma inalibe mphamvu yolanga. Mwini hotela akauma mutu, nkhani inkathera pomwepo. Mu 1960 ndi pamene lamulo lina linaletsa kusankha khungu m'malo odyera ndi m'nyumba zoonetsera kanema. Komiti yopanda lamulo lolimba kumbuyo kwake ili ngati khasu lopanda mpini.

Lero dandaulo la tsankho limapita ku Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu. Silinabwere tsiku limodzi. Mu 1993 Pulezidenti Frederick Chiluba anasankha kagulu kotsogozedwa ndi loya Bruce Munyama kuti kafufuze nkhanza zimene anthu anachitiridwa, makamaka m'manja mwa apolisi ndi m'ndende. Kagulu kotere sikakhalitsa. Kakapereka lipoti, ntchito yake yatha. N'chifukwa chake kanalangiza kuti pakhale bungwe lokhazikika. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo inalemba bungweli m'malamulo aakulu a dziko, ndipo inapanganso lamulo lofotokoza ntchito zake. Mu 1997 linayamba kugwira ntchito. Wapampando wake woyamba anali woweruza milandu, Mayi Lombe Chibesakunda.

Akuluakulu a bungweli amasankhidwa ndi Pulezidenti, koma aphungu ayenera kuwavomereza. Ndalama zake zimachokera ku boma. Ngakhale zili choncho, lamulo limati bungweli lisalamulidwe ndi munthu aliyense pogwira ntchito.

Gawo 23 la malamulo aakulu limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, khungu, kumene anachokera, chipembedzo, chipani, kapena chifukwa ndi mkazi kapena mwamuna. Apa tisasokoneze ndi chimbuya. Mbemba akatsika basi pa Nyimba kudzagula nthochi n'kutinyoza za mbewa, ifenso timamubwezera za anyani, tonse n'kuseka. Icho ndi chibale. Tsankho ndi pamene akumanani ntchito chifukwa dzina lanu ndi la Chinsenga, kapena mwana wachialubino akamuchotsa pamzere, kapena mayi wochokera ku Mozambique akamusiya osamuthandiza chifukwa cha kalankhulidwe kake.

Zotere zikakuchitikirani, ofesi ya bungweli m'chigawo chathu cha Kum'mawa ili ku Chipata. Musaope kuti simudziwa kulemba bwino kapena kuti simulankhula Chingerezi. Dandaulo mutha kulinena pakamwa, iwo alemba, inu n'kusaina kapena kudinda chala. Musadinde musanamve zimene alemba. Pemphani kuti akuwerengereni pang'onopang'ono, ndipo pamene palakwika nenani kuti akonze.

Chenjezo lalikulu ndi ili: kudandaula ku bungweli n'kwaulere. Alipo anthu okonda kuzungulira pa boma amene amati, "Ndipatseni kangachepe, ndikudziwana ndi abwana, nkhani yanu iyenda msanga." Musawapatse ngakhale ngwee imodzi. Anthu ena agulitsa mbuzi kapena thumba la nsawa kuti alipire munthu wotere, n'kutsala manja lendee, nkhani osafika kulikonse. Ndalama yanu isungireni basi yopita ku Chipata ndi chakudya cha panjira. Musachedwenso. Nkhani ikagonera nthawi yaitali mboni zimaiwala, zina zimasamuka. Tsiku lomwelo lembani m'kope lanu tsiku, malo, dzina la amene wakulakwirani, mawu amene ananena, ndi amene analipo. Ngati dzanja silinazolowere, mwana wa sukulu akuthandizeni.

Bungweli si khoti. Limafufuza, limaitana anthu kudzayankha, limayendera ndende ndi zitolokosi za apolisi, kenaka limalangiza choyenera kuchitika, monga chipukuta misozi kapena chilango kwa wogwira ntchito m'boma amene walakwa. Nkhani imene ili kale m'khoti sililowererapo.

Ofesi ya ku Chipata singadziwe zochitika kwa Mfumu Ndake kapena kwa Mfumu Nyalugwe ngati palibe wokanena. Mukaona mnzanu akusalidwa, muperekezeni, ndipo mukakhale mboni yake.