Pepala la ECG likatuluka chadodolido, yambani mwaona mawaya

Mayi wogulitsa nyemba pamsika wa Lundazi akabanika pachifuwa n'kupimidwa ndi makina a ECG, pepala likhoza kudabwitsa: pa lead I mafunde a P, QRS ndi T onse aloza pansi, pomwe pa aVR, pamene amayenera kuloza pansi, aimirira. Musathamangire kulemba kuti mtima wadwala. Zimene zimachititsa zimenezi kawirikawiri n'ziwiri: mawaya asinthanitsidwa, kapena mayiyo anabadwa ndi mtima kumanja, zimene madokotala amazitcha dextrocardia.

Choyamba, onani ngati waya wa dzanja lamanja sunamatidwe kumanzere. Kenako yang'anani V1 mpaka V6. Funde la R likamakula kulowera ku V5 ndi V6 monga mwa nthawi zonse, vuto ndi mawaya basi, konzani, jambulaninso. Koma likamachepa mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka pa V6, ndiye kuti mukutalikirana ndi mtima. Apa siyani pepala, ikani chikhato pansi pa bere lamanja, pakati pa nthiti yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi. Mukamva kugunda pamenepo, sinthanitsani dala mawaya a m'manja, a pachifuwa muwaike kumanja ngati mukudziona pagalasi, ndipo mulembe papepalapo kuti mwatero. Pepala lachiwirili ndilo loyenera kuwerenga. Pa x-ray tsimikizani kuti chilembo R chili malo ake, ndipo onani mbali imene kuli mpweya wa m'chifu. Chifu chikakhalanso kumanja, chiwindi kumanzere, mtima nthawi zambiri umakhala wabwinobwino. Koma ngati watembenuka ndi mtima wokha, zilema zina zobadwa nazo sizisowa. Mutumizeni ku Chipata Central Hospital kapena ku Lusaka akaunikidwe ndi echo.

Wina anganene kuti n'kutaya nthawi pamzere wautali, poti ndi mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 10,000 amene amabadwa chonchi. N'zoona, koma kusokoneza mawaya sikusowa, ndipo kufufuza kwake n'kumodzimodzi, kwa mphindi zochepa. Komanso pafupifupi mmodzi mwa anayi kapena asanu amene ziwalo zawo zonse zinatembenuka amakhala ndi nthenda imene Manes Kartagener anaifotokoza mu 1933: chimfine chosatha ndi kutsokomola makhololo, kumene kungaoneke ngati TB. Ngati ziwalo zake zonse zinatembenuka, muuzeni mayiyo kuti azinena zimenezi kuchipatala chilichonse, chifukwa appendix yake ikadzatupa, ululu ukhoza kudzamveka kumanzere.