Kodi msewu mwini wake ndani?

Funso: Ndili ndi kagolosale pa Jenda, m'mphepete mwa msewu wa M1. Malowa anandipatsa ndi a mfumu, mboni zilipo. Tsopano anthu akundiopseza kuti ndinamanga pa malo a msewu. Komanso mlatho wa pa msewu wafumbi wopita kumudzi kwathu unakokoloka ndi madzi, palibe akuukonza. Kodi misewuyi ndi ya boma, ya khonsolo kapena ya mafumu? — Bambo wa ku Jenda, Mzimba

Yankho: Bambo, tiyambe ndi golosaleyo, poti ndi imene ingakulizeni. Gawo 207 la malamulo aakulu a dziko lino limaika nthaka yonse m'manja mwa dziko la Malawi, ndipo malo a msewu ndi a boma, sali m'gulu la malo a makolo amene mafumu amagawa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti msewu suthera pomwe pathera phula. Lamulo la misewu limapatula mamita 60 pa msewu waukulu ngati M1, ndiye kuti mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Tengani chingwe m'mamawa magalimoto asanachuluke, muyeze kuchokera pa mzere wapakati kukafika pakhonde panu. Ngati simukukwanitsa mamita 30, a mfumu anakupatsani chinthu chomwe sichinali chawo, mwina mosadziwa, ndipo mboni zija sizikuombolani. Matikiti a msika amene mumadula kwa a khonsolo nawonso si umboni wa malo. Womanga m'malo a msewu kawirikawiri amagumulidwa popanda chipukuta misozi. Amene amalandira ndi amene msewu wawapeza pa malo awoawo, monga pamene ukukhotetsedwa kudutsa m'munda mwa munthu.

Mamita amenewa musawaone ngati nkhanza. Ndi mmene mumadutsa ngalande, mapaipi ndi mapolo a magetsi. Inu mukudziwa mmene mabeseni a tomato amandandalikira m'mphepete mwa phula pa Jenda, ndi mmene amayi amathamangira ku mawindo basi ikaima. Tsiku limene lole idzaduke mabuleki pamenepo, mamita 30 adzaoneka ochepa.

Amene amasamala M1 ndi bungwe la Roads Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006. Chaka chomwecho kunabadwanso Roads Fund Administration, yosunga thumba la ndalama za misewu zochokera pa mafuta agalimoto ndi pa zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke. Ntchito yokonzanso M1 kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu kudutsa Kasungu ndi Jenda mpaka pa mphambano ya ku Mzimba, imene inayamba mu 2022 ndi ndalama za European Investment Bank, ili m'manja mwa Roads Authority yomweyo.

Za mlatho, funsani kaye ngati msewu wanuwo uli ndi nambala. Ya zilembo M, S ndi T ndi ya Roads Authority. Ya chilembo D komanso ya m'midzi yopanda nambala imayang'aniridwa ndi khonsolo, ndipo kwanuko ndi khonsolo ya M'mbelwa pa Boma la Mzimba, potsatira ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya mu 1998. Kunena mosapsatira, makhonsolo anapatsidwa misewu koma ndalama zimatsalira m'mbuyo, ndipo Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno. Mlatho umene eni ake angokhala chete umaiwalika.

Choncho dandaulo lanu lidzere ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, lipite ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC), khansala alinyamule. Lembani kalata, a mfumu adindepo chidindo, kope lake musunge. Apa ndi pamene mafumu ali ndi mphamvu zenizeni: kumemeza anthu kututa mchenga ndi miyala, ndi kukakamiza a khonsolo. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye kalatayo ikafike bajeti isanamangidwe.