Phunziro 7: Kuyeza Mphamvu za Manja ndi Kachipangizo Kovala

Aphunzitsi anzanga, m'phunziro lino tiona mmene madokotala amayezera manja a mwana amene minofu yake ikufooka. Titenga chitsanzo cha nthenda ya Duchenne, yomwe imagwira pafupifupi mwana mmodzi mwa ana aamuna 3,500 mpaka 5,000 alionse. Thupi la mwanayo silipanga dystrophin, puloteni yoteteza minofu. Si ufiti ayi, ndipo sapatsirana. Amabadwa nayo.

Imayamba kufooka ndi miyendo. Pofika zaka 12 kapena kupitirirapo pang'ono, ambiri amakhala ali pachikuku. Tsono mayeso odziwika aja oyenda kwa mphindi 6 amakhala opanda ntchito. Chomwe chamtsalira ndi manja: kudya, kulemba, kuingitsa ntchentche kumaso.

Kuyambira mu 1981 pali muyezo wa Brooke wa magawo 6. Pagawo 1 mwana amakweza manja onse mpaka kukumana pamwamba pa mutu. Pagawo 6 dzanja silifika kukamwa ndipo siligwiranso ntchito. Muyezowu ndi wabwino, koma ndi wa tsiku limodzi kuchipatala. Inu mukudziwa bwino kuti mwana wanjala kapena wamantha salemba mayeso monga achitira masiku onse.

Nchifukwa chake ku France, a Institut de Myologie pamodzi ndi kampani ya Sysnav anakonza ActiMyo, kachipangizo kovala pamkono ngati wotchi. M'kati mwake muli tizida tofanana ndi timene timatembenuza chithunzi mukapendeketsa foni. Kena kamayeza kufulumira kwa mkono, kena kutembenuka kwake. Mwana amakavala kunyumba masiku ambiri, ndipo kompyuta imaonetsa kusintha kochepa komwe diso silingaone.

Komabe tisakokomeze. Kachipangizoka kamayeza kuyenda kwa mkono, osati mphamvu yeniyeni. Sikadziwa ngati supuni yafika kukamwa ili ndi phala. Ndipo muyezo womwe bungwe la European Medicines Agency linauvomereza mu 2023 ngati muyezo waukulu poyesa mankhwala a Duchenne ndi wa liwiro la kuyenda, wotengedwa pa akakolo, osati wa manja.

Ntchito: Ngati m'kalasi mwanu muli wophunzira wofooka manja, pemphani chilolezo kwa makolo ake. Kwa sabata imodzi lembani m'kope nthawi imene amatopa polemba, ndi pamene dzanja lake limafika akafuna kuyankha funso. Musamuimike kutsogolo kwa anzake. Yerekezani za mmawa ndi za masana, kenaka mupereke kopelo kwa makolo kuti apite nalo kuchipatala.