Chivomezi Chikadutsa, Nthaka Simakhazikika Msanga

Asodzi anzathu, nyanja yathu ili m'chigwa chomwe chikung'ambika pang'onopang'ono. Thanthwe la pamwamba likathyoka, timamva chivomezi. Koma mng'aluwo umapitiriza kutsetsereka mwakachetechete, ndipo thanthwe lotentha la pansi kwambiri limasuntha ngati phula lofewa kwa miyezi, mwinanso zaka. Ku Karonga mu Disembala 2009, chivomezi chachikulu chinabwera patatha milungu iwiri chidutsireni choyamba.

Choncho a BVC, musalole kumanga uvuni wowambira nsomba pa mng'alu. Khomani zikhomo mbali zonse ziwiri, muziyeza ndi chingwe sabata iliyonse. Mpata ukamakula tidziwitseni. Ngakhale kumtunda kwa Mavwere ku Mchinji, tikupempha oweta nsomba kuyendera makoma a madamu awo nthaka ikagwedezeka, chifukwa madzi amathawira pa kamng'alu kakang'ono.